Ndikusamuka ku California kupita ku Texas: ndalama za penshoni ndiziike liti mu Roth?

Make Tadala (Sacramento):
Moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonse, ndipo ndikudziwa kuti muno alimo amene anadutsamo kale. Ndakhala ku Sacramento zaka 19 ndikugwira ntchito ya unesi. Mu Ogasiti ndikusamukira ku Texas, kufupi ndi Dallas, kumene kuli mwana wanga woyamba. Ndi woyembekezera ndipo ndikufuna ndikhale naye pafupi. Ndili ndi zaka 57. Ndalama za 401(k), penshoni ya kuntchito, za kuchipatala kumene ndinkagwira kale ndinazisamutsira mu IRA wamba, akaunti ya penshoni ya munthu payekha imene msonkho wake umalipira potenga ndalamazo, muli pafupifupi $180,000. Maganizo anga ndi oti nditengepo $60,000 ndiike mu Roth, mtundu wina wa IRA, ndilipiretu msonkho panopa kuti ndikadzakalamba ndizidzatenga popanda wondidula. Koma mnzanga wina kuntchito wandiopseza kuti California idzanditsatira kulikonse kumene ndingapite, chifukwa ndalamazo ndinazipeza ndili kuno. Kodi ndi zoona? Ngati ndi choncho ndingochita mawa lomwe, ndidikirenji.

Che Bwanali (Dallas):
Takulandiranitu Make Tadala. Kuno msonkho wa state pa malipiro kulibe. Musachite kalikonse musanafike.

aNgozo (Silver Spring):
Make Tadala, chonde musakhudze akauntiyo mawa. Ine ndimathandiza anthu kulemba za misonkho chaka ndi chaka, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwino.

Zimene wakuuzani mnzanuyo zinali zoona kale. Lamulo la 1996 lisanabwere, California ndi ma state ena ankatsatira anthu amene apuma ntchito n'kusamukira ku Nevada kapena ku Florida, n'kumawalipiritsa msonkho pa penshoni yawo ponena kuti thukuta lake linagwera m'dera lawo. Anthu anadandaula kwambiri, mpaka Congress inakhazikitsa lamulo limene linasainidwa mu Januwale 1996. Mukafuna kuliwerenga nokha lili pa 4 U.S.C. gawo 114. Likunena kuti state singalipiritse msonkho pa ndalama za penshoni za munthu amene si nzika yokhala mu state imeneyo. IRA ndi 401(k) zonse zilimo.

Ndiye funso si lakuti ndalamazo munazipeza kuti ayi. Funso ndi lakuti tsiku limene ndalamazo zikutuluka mu IRA kupita mu Roth, kwanu kwenikweni kunali kuti. Mukachita muli ku Sacramento, $60,000 ija ikwera pamwamba pa malipiro anu, ndipo ndi malipiro a manesi a kumeneko ndikukhulupirira kuti muli pa mlingo wa 9.3%. Ndiye kuti $5,580 yapita ku California. Mukachita mutakhazikika ku Texas, ya state palibe. Ya federal yokha ndiyo simungaithawe, ikupezani kulikonse.

Make Tadala:
Ambuye! $5,580 chifukwa cha masabata ochepa chabe. Zikomo kwambiri aNgozo. Ndiye ndikangofika mu Ogasiti ndichite mu Seputembala?

aNgozo:
Mungathe, koma ine sindikanachita choncho, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chaka chino mudzalemba fomu ya anthu amene akhala ku California gawo la chaka, 540NR. Mmene amawerengera ndi momwemu: amayamba aphatikiza ndalama zonse zimene mwapeza chaka chathunthu, za ku California ndi za ku Texas zomwe, n'kuona kuti munthu wopeza ndalama zimenezo amalipira maperesenti angati. Akapeza peresentiyo amaiika pa gawo la ku California lokha. Choncho $60,000 ija sadzaidula msonkho mwachindunji, koma idzakweza peresenti imene adzadulire malipiro anu a Januwale mpaka Julayi. Si ndalama yoopsa ngati $5,580 ija, komabe ndi ndalama. New York nayonso imawerengera chimodzimodzi pa fomu yawo ya IT-203.

Chachiwiri, mukachita mu Januwale chaka chamawa, fomu ya 1099-R, imene kampani yosunga ndalama imalembapo ndalama zimene zatuluka mu IRA, idzagwera m'chaka chimene simunakhale ku California ngakhale tsiku limodzi. Palibe wodzafunsa kuti kodi linali tsiku liti, munali mutafika kapena munali m'njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, miyezi inayi si yambiri.

Kondwani (Houston):
Koma akuluakulu, bwanji osangosintha adiresi pa akaunti kuika ya mwana wawo ku Dallas lero lomwe, n'kupanga conversion, kusamutsira mu Roth kuja, sabata yamawa? Kampani yosunga ndalamayo imangoona adiresi basi. Adziwa ndani?

NaBanda (South Bend):
Kondwani, ayi mwana wanga. Usawaike amayi m'mavuto.

aNgozo:
Kondwani, adiresi ya pa akaunti imangouza kampaniyo kuti idulire state iti komanso ilembe chiyani pa 1099-R. Si imene imagamula kuti munthu kwawo n'kuti. Make Tadala akulandirabe malipiro ku chipatala cha ku Sacramento mpaka Julayi, W-2 yawo, fomu ya malipiro a pa chaka, idzanena zimenezo, foni yawo ndi makhadi a ku banki zidzanena zimenezo. Ndipo fomu ya msonkho munthu amasaina molumbira kuti zonse ndi zoona. Enafe muno tidakali pa green card, ndipo fomu yopemphera unzika ya N-400 imafunsa ngati uli ndi ngongole ya msonkho wa federal, wa state kapena wa kudera. Sindingalole munthu aike mapepala ake pangozi chifukwa cha zimenezi pamene njira yolondola ilipo, yongofuna kudikira.

Kondwani:
Ndamva aNgozo. Ndimangoganiza kuti ndi nkhani ya adiresi chabe. Pepani amayi.

Make Tadala:
Palibe kanthu Kondwani, nanenso zinandibwerera m'mutu zimenezo usiku wina. Ndi bwino kuti wafunsa pagulu tamva tonse.

NaBanda:
Ine ndikufuna ndinene zimene zinandichitikira, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ina imene anthu saiganizira. Aliyense amaganiza zothawira ku Texas kapena ku Florida. Koma pali ma state ena amene amadula msonkho pa malipiro koma sadula pa ndalama za penshoni. Ine ndinakhala ku Chicago zaka 12. Illinois imadula 4.95% pa malipiro, koma ndalama zochokera mu IRA ndi 401(k) saziwerengera, ngakhale zimene wasamutsira mu Roth. Ine sindinkadziwa. Ndinasamukira kuno ku South Bend mu 2023 kuti ndikhale pafupi ndi abale ndi mpingo, mukudziwa kuchuluka kwa Amalawi kuno. Nditakhazikika, mu 2024, ndi pamene ndinati tsopano ndikonze za ukalamba wanga, n'kusamutsa $40,000. Indiana chaka chimenecho inkadula 3.05%, ndiye kuti $1,220, ndipo pamwamba pake panabwera msonkho wa county madola mazana angapo. Ndikanachita ndili ku Chicago, mwezi umodzi ndisanapakire katundu, sindikanalipira state kalikonse.

Tsiku limene ndinazindikira ndinali pa tebulo la kukhitchini ndi mapepala onse, tiyi atazizira m'kapu. Ndinaimbira kampani yosunga ndalama kufunsa ngati ndingabweze, mtsikana wa pa foniyo anandiyankha mwaulemu kuti sizithekanso. Ndinalira ndithu, osati chifukwa ndalamayo ndi yambiri kwenikweni, koma chifukwa inali fizi ya mwana wa mchimwene wanga ya chaka chonse kumudzi. Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse.

aNgozo:
Pepani NaBanda. Ndipo mwakhudza chinthu chachikulu. Kale munthu ankatha kubweza conversion ngati waona kuti walakwitsa. Lamulo la misonkho la 2017 linatseka khomo limenelo kuyambira 2018. Ukangodina batani, zatha. N'chifukwa chake ndikuti Make Tadala asafulumire.

Ndipo malangizo amatembenuka kutengera kumene ukulowera. Ukuchoka kokhala msonkho kupita kopanda, dikira ufike. Ukuchoka ku Texas, Florida, Tennessee, Nevada kapena Illinois kupita ku Maryland kuno kapena ku California, chita usananyamuke. Kuno ku Montgomery County timalipira wa state n'kuonjezapo 3.2% ya county, ndiye munthu wochokera ku Houston akabwera kuno n'kuchita conversion atafika, amamva kuwawa.

Mayi Chirwa (Philadelphia):
Kuno ku Pennsylvania n'zosiyananso. Ndalama zimene timaika mu 401(k) state imadula 3.07% yake nthawi yomweyo pa malipiro, ndiye posamutsira mu Roth salipiritsanso bola ndalama yonse ilowe mu Roth. Amene muli ku New Jersey ndi ku Massachusetts sungani mapepala a ndalama zimene munaika nokha mu IRA, chifukwa kumeneko state sinakuchotsereni msonkho poika, ndiye gawo limenelo siliyenera kudulidwa kawiri.

Che Bwanali:
Make Tadala, funso limodzi. A kunyumba akubwera nawo mu Ogasitimo?

Make Tadala:
Apa ndiye mwandigwira Che Bwanali. Ayi. Bambo a Tadala atsala ndi mnyamata wathu womaliza, ali chaka chomaliza ku high school ndipo sitikufuna kumusokoneza. Amaliza mu Juni chaka chamawa, ndi pamene tigulitse nyumba iwo n'kubwera. Ine ndikakhala kaye kwa mwana wanga, ndipo ndimaganiza zomabwera kuno mwezi ndi mwezi kudzawaona, mwinanso kugwirako mashifiti angapo ku chipatala changa chakale poti andiuza kuti khomo ndi lotsegula.

aNgozo:
Eee. Make Tadala, zimenezi zikusintha nkhani yonse, ndipo ndikuthokoza Che Bwanali kuti afunsa. Zimene ndinanena za Januwale ndikuzibweza kaye.

Ma state akamafuna kudziwa kuti munthu kwawo n'kuti sayang'ana kumene thupi lagona usiku wakutiwakuti kokha. Amafunsa kuti moyo wa munthuyu wazika mizu kuti. Mwamuna kapena mkazi wake ali kuti, ana aang'ono ali pa sukulu iti, nyumba yake yeniyeni ili kuti, dokotala wake, mpingo wake, laisensi yoyendetsera galimoto, kumene amavotera, kumene amagwira ntchito. California imanena poyera kuti munthu amene wachoka kwa kanthawi chabe akadali nzika yake. Tsopano taonani chithunzi chanu mmene angachionere munthu wa ku ofesi ya misonkho: amuna anu ali ku Sacramento, mwana ali pa sukulu ku Sacramento, nyumba ya dzina lanu ili ku Sacramento, mukubwera mwezi uliwonse, mukugwiranso mashifiti komweko, ndipo ku Texas mukugona m'chipinda cha alendo kwa mwana wanu woyembekezera. Munthu ameneyo anena kuti mayi awa apita kukathandiza chikuta, abwerera. Mumtima mwanu mukudziwa kuti mwasamuka, koma mtima suoneka pa pepala.

Sindikunena kuti simungapambane atakufunsani. N'zotheka mkazi ndi mwamuna kukhala nzika za ma state awiri osiyana. Koma udindo wotsimikizira ukhala pa inu, ndipo California ili ndi zaka zinayi zobwerera m'mbuyo kuchokera pamene mwapereka fomu. Ngati fomu simunapereke n'komwe, malire a zakawo palibe.

Make Tadala:
Mtima wanga wagwa. Ndiye ndidikire mpaka liti?

aNgozo:
Ndikanakhala ine, ndikanadikira bambo abwere, nyumba igulitsidwe, mashifiti a ku Sacramento athe. Ndiye kuti kuyambira Julayi kapena Ogasiti chaka chamawa zinthu zikhala zoyera. Mukafuna zoyera kotheratu, Januwale wa chaka chinacho, chifukwa ngati mumalemba fomu imodzi ndi bambo, chaka chamawa mudzakhalabe ndi 540NR ndipo nkhani ya peresenti ija idzabweranso.

Gogo Nankhoma (Bronx):
Ana inu, ndiloleni nanenso ndiikepo mawu. Mlamu wanga malemu anachita ngati zimene akufuna kuchita Make Tadalazi. Anasamukira kum'mwera kopanda msonkho, koma nyumba yake kumpoto sanaigulitse, anasiyamo zonse, ndipo chilimwe chilichonse ankabwerera kudzakhala miyezi. State yake sinditchula. Patapita zaka ziwiri analandira kalata. Anamufunsa mabilu a foni, mapepala a makhadi a ku banki, matikiti a ndege, ngakhale malisiti a pa mageti olipira pa msewu. Ine ndinamuthandiza kusanja, tinadzaza mabokosi awiri a nsapato, tikuwerenga masiku pa kalendala ndi pensulo mpaka pakati pa usiku. Anamufunsanso kuti zithunzi za banja ndi zinthu zimene amazikonda zili m'nyumba iti. Zithunzi za ukwati wake, Baibulo la Chichewa la mayi ake, mpaka mtondo umene anabwera nawo kuchokera ku Dedza, zonse zinali kumpoto. Sanapambane. Analipira msonkho, chiwongoladzanja ndi chindapusa, ndipo kuyambira pamenepo kalata iliyonse ikabwera manja ake ankanjenjemera.

Kuno ku New York lamulo ndi lakuti ukakhala ndi nyumba yokhalamo ndipo wapezeka mu state masiku opitirira 183 pa chaka, ndiwe nzika pa nkhani ya msonkho, kaya laisensi yako ndi ya ku Florida. Ndipo ngakhale kachigawo ka tsiku amakawerenga ngati tsiku lathunthu. Chabwino chimene tili nacho ndi chakuti ukakwana zaka 59 ndi theka, $20,000 yoyamba ya penshoni ndi IRA pa chaka sadula msonkho wa state. Ine ndimasamutsa pang'onopang'ono chaka chilichonse osapitirira pamenepo, ndipo sindinasamuke n'komwe.

Make Tadala:
Zikomo Gogo. Nkhani ya mtondo yandikhudza, inenso ndili ndi lichero ndi mbale za mayi anga zimene ndimati nditenge pomaliza.

Gogo Nankhoma:
Tenga ulendo woyamba mwana wanga. Kumene kuli zimenezo ndiye kwanu.

Che Bwanali:
Za kuno ndinene ine. Mukafika muli ndi masiku 30 olembetsa galimoto ndi masiku 90 otenga laisensi ya Texas. Musadikire malire, chitani sabata yoyamba, ndipo mulembetse kuvota ngati ndinu nzika ya America. Poti ndinu nesi palinso china. Texas ili mu mgwirizano wa ma state pa ziphaso za unesi, California mulibe. Kuti mupeze chiphaso chogwira ntchito m'ma state ambiri mumayenera kulengeza kuti Texas ndiye kwanu kwenikweni. Pepala limenelo lisungeni bwino. Ndipo ngati mungakwanitse, pezani kanyumba ka lendi pa dzina lanu m'malo mokhala kwa mwana, mabilu a magetsi ndi madzi azibwera m'dzina lanu.

Koma ndisakunamizeni kuti kuno zonse ndi zaulere. Mukadzagula nyumba mudzaona msonkho wa nyumba, ndi wokwera kwambiri. Boma limapezera pamenepo.

Chifundo (Seattle):
Funso laling'ono aNgozo. Msonkho wa federal pa $60,000 ija amayi aulipira kuchokera kuti? Sangauze kampaniyo kuti idule pomwepo?

aNgozo:
Funso lalikulu limenelo Chifundo, si laling'ono. Make Tadala ali ndi zaka 57. Conversion payokha ilibe chindapusa cha 10% chimene amalipiritsa otenga ndalama za penshoni msanga, ngakhale usanakwane 59 ndi theka. Koma ndalama imene kampani yadula kutumiza ku IRS, ofesi ya misonkho ya federal, sinalowe mu Roth, ndiye imawerengedwa ngati watenga nthawi isanakwane. Akadula $13,000, chindapusa chake ndi $1,300. Ndipo ukakhala nzika ya California amaonjezapo 2.5% yawo. Ndiye pa fomu ya kampaniyo muyenera kusankha kuti asadule kalikonse, msonkhowo mulipire ndi ndalama za mu akaunti ya ku banki. Ngati ndalama yapadera yolipirira msonkho mulibe, chepetsani conversion kapena dikirani mukwane 59 ndi theka.

Apa ndi pamene kudikira kukuthandizaninso, Make Tadala. Pofika nthawi imene bambo abwera ndipo zonse zakhazikika mudzakhala mukuyandikira zaka zimenezo.

Make Tadala:
Ndikwana 59 ndi theka mu Meyi chaka chinacho. Ndiye kuti zikugwirizana ndi zimene mwanena zija.

aNgozo:
Zikugwirizana bwino. Ndipo muganizirenso za federal, chifukwa ndiyo yaikulu kuposa ya state. Chaka chino muli ndi malipiro a ku California, amene ndi okwera. Mukafika ku Texas n'kuchepetsa mashifiti kuti muzilera mdzukulu, ndalama zanu za pa chaka zitsika. Conversion imene chaka chino ikanadulidwa 24% mwina idzadulidwa 22%, gawo lina mwinanso 12%. Kusiyana kumeneko pa $60,000 kungapose zimene mukupulumutsa ku California. Simuyeneranso kusamutsa yonse kamodzi. Mungagawe zaka zitatu, $20,000 chaka chilichonse, muli ndi nthawi yambiri boma lisanayambe kukukakamizani kutenga ndalamazo. Kwa obadwa 1960 kapena pambuyo pake kukakamizako kumayamba pa zaka 75.

Chenjezo limodzi: ngati mukasiya ntchito mudzagule inshuwalansi ya zaumoyo pa marketplace, msika wa boma wa inshuwalansi, conversion imakweza ndalama zimene amaziwerengera ndipo thandizo la boma lingachepe. Mukakwana 63 muziyang'ananso Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, poti malipiro ake amatengera ndalama za zaka ziwiri zam'mbuyo.

Koma chinthu chimodzi chitani chaka chino. Ngati mulibe Roth IRA iliyonse, tsegulani ndi kandalama kochepa. Phindu la mu Roth limatuluka lopanda msonkho pokhapokha patapita zaka zisanu kuchokera chaka chimene munatsegula Roth yanu yoyamba, ndipo amawerenga kuyambira pa 1 Januwale wa chakacho. Ngakhale mutasamutsa $500 yokha muli ku California, msonkho wake wa state sufika $50, koma zaka zisanu zija zayamba kuwerengeka.

Mayi Chirwa:
Ndionjezepo kanthu. Muwauze a kampani yosunga ndalamayo asamutse okha kuchokera mu IRA kupita mu Roth, cheke chisadutse m'manja mwanu. Ena amatenga cheke ali ku state yakale poganiza kuti ali ndi masiku 60 okachiika, n'kukachiika atafika kwatsopano. Tsiku limene limawerengedwa ndi limene ndalama inatuluka, osati limene inalowa.

Malume Jere (Worcester):
Ndakhala ndikuwerenga chete. Langa ndi losiyana pang'ono. Ine nyumba yanga ku Mzuzu yatsala denga ndi mawindo, ndipo zaka ziwiri zikubwerazi ndikubwerera kwathu. Massachusetts imadula 5%. Ndikachita conversion nditafika ku Malawi, state ingandipezenso?

aNgozo:
Malume, lamulo la 1996 lija limateteza aliyense amene si nzika ya state, kaya wapita ku Texas kaya ku Mzuzu. Koma muyeso wake ndi womwewo umene tauza Make Tadala: mwachokadi, kapena mwasiya phazi limodzi? Vuto la ife obwerera kwathu ndi lakuti timasunga laisensi, adiresi ya kwa mwana, dokotala ndi akaunti ya ku banki, poti timabwera chaka chilichonse kudzaonana ndi adokotala. Zonsezi zimapangitsa kuti state yakale inene kuti simunapite. Ena amayamba akhazikika zenizeni ku state yopanda msonkho kenako n'kumapita kwathu, koma kukhale kukhazikika koona, osati bokosi la makalata.

Za federal zimatengera mapepala anu. Ngati ndinu nzika ya America, IRS imakutsatirani kulikonse padziko, mudzalembabe fomu ya msonkho ya 1040 muli ku Mzuzu. Ngati muli pa green card n'kuibweza, ndalama zotuluka mu IRA kawirikawiri amadula 30% pomwepo, ndipo pakati pa Malawi ndi America palibe pangano la misonkho loti lichepetse zimenezo. Amene akhala ndi green card zaka 8 mwa zaka 15 zapitazi alinso ndi fomu ina yofunika poibweza, 8854. Kumbali ya kwathu mufunse a MRA kapena wodziwa malamulo a misonkho ya ku Malawi musananyamuke. Mufunsenso kampani yosunga ndalama zanu ngati imalola adiresi ya kunja, chifukwa ena amachepetsa zimene mungachite pa akaunti akangoona adiresi ya dziko lina.

Malume Jere:
Ndine nzika kuyambira 2011. Ndiye nkhani yanga ndi yodula mizu bwinobwino. Laisensi ndiye imandivuta mumtima, ndimafuna ndizibwera n'kumayendetsa galimoto ya mwana.

NaBanda:
Malume, tsegulani nkhani yanu payokha pa gulu, tili ambiri amene tikumanga kumudzi ndipo tikufuna timve bwino. Apa tisawasokoneze Make Tadala.

Kondwani:
Ine ndaphunzira zambiri lero. Ndapatsidwa ntchito ku Maryland kuyambira Okutobala ndipo ndili ndi 401(k) yakale ya $22,000. Ndiye kwa ine zikutanthauza kuti ndichite ndisanachoke ku Houston?

aNgozo:
Ngati conversion ndi yokuyenera, inde, chita uli ku Houston, lendi yako idakali yamoyo, usanasaine nyumba kuno. Sunga kalata yotsimikizira tsiku. Fomu ya 1099-R imangolemba chaka, silemba tsiku, ndiye ukadzalemba fomu ya Maryland ya gawo la chaka umboni wako ndi sitetimenti ya akaunti. Koma uyambe waona ngati uli ndi ndalama ya federal pambali, pafupifupi $5,000, osati yochokera mu 401(k) momwemo. Kusamuka nakonso kumadya ndalama, usadziike pakona.

Make Tadala:
Abale anga, ndakhala pansi ndi bambo a Tadala madzulo ano tawerenga zonse kuyambira pamwamba. Iwo poyamba ankati tikuchulutsa nkhani, koma atafika pa mabokosi a nsapato a Gogo anakhala chete. Tagwirizana motere. Chaka chino ndingotsegula Roth ndi $500 ija. Mashifiti a ku chipatala changa chakale ndiwauza kuti sindigwira, ngakhale zikundiwawa chifukwa ndi anthu amene ndakhala nawo zaka zambiri ndipo malipiro ake ndi abwino. Ndikafika ndisintha laisensi ndi chiphaso cha unesi sabata yoyamba, ndipo tiyang'ana kanyumba ka chipinda chimodzi pafupi ndi mwana. Conversion yaikulu tidikira bambo abwere, nyumba igulitsidwe, ndikwane 59 ndi theka, ndipo tigawa zaka zingapo. Tipezanso munthu wa ziphaso amene amadziwa za California atione mapepala tisanachite, monga mwanenera nthawi zonse aNgozo.

Chatsala chimodzi chimene sindikumvetsa. Kugulitsa nyumbayo nako, California idula msonkho ngakhale ine nditakhala wa ku Texas?

aNgozo:
Nyumba ndi nkhani ina Make Tadala, lamulo la 1996 silikhudza nyumba. Malo ali ku California, ndiye phindu lake ndi la ku California kaya mwini wake ali kuti. Koma banja lolemba fomu imodzi limakhululukidwa phindu mpaka $500,000 ngati nonse munakhalamo zaka ziwiri mwa zisanu zomaliza, ndipo inu mwakhalamo zoposa pamenepo. Fufuzani mapepala a mtengo umene munagulira ndi malisiti a zonse zimene munakonza, denga, khitchini, mawindo, musanayambe kupakira, chifukwa zinthu zotere ndi zimene zimasowa m'makatoni.

Make Tadala:
Malisiti a denga ndikudziwa pamene ali, a khitchini ndiye ndifunse bambo. Che Bwanali, ndikulemberani pambali za madera a lendi kufupi ndi Garland, komanso mundiuze kumene mumagula ufa woyera kumeneko.

Che Bwanali:
Lembani mayi. Ufa usakudetseni nkhawa, mayi a kunyumba akusungirani thumba loyamba.